Tiyi wa jinja, mandimu ndi uchi pa chimfine: kaphikidwe ndi kamwedwe kake

Kuyambira kumapeto kwa Meyi mpaka mu Ogasiti chimfine sichisowa pakhomo kuno ku Kasungu. Kukacha kumazizira, masana kumachita fumbi, usiku timagona mothithikana mazenera ali otseka, ndiye mwana mmodzi akabwera nacho kuchokera kusukulu, sabata isanathe nyumba yonse ikuyetsemula. Amene amasankha fodya m'zigafa kapena kuperekeza mabelo ku Chinkhoma zimawagwera ziwiri, chimfine ndi fumbi la fodya lokanda kukhosi.

Ambiri timathamangira tiyi wa jinja ndi mandimu, ndipo timachita bwino, bola tidziwe ntchito yake. Tiyiyu sachiza chimfine. Chimfine chimayamba ndi mavairasi, mitundu yake ndi yoposa 200, ndipo thupi limathana nawo lokha pa masiku 7 mpaka 10, ngakhale kachifuwa kamatha kutsalira mpaka masabata 3. Chimene tiyi amachita ndi kufewetsa kukhosi, kumasula mamina ndi makhololo, kubwezera madzi amene thupi likutaya, ndi kukuthandizani kuti mugone. Zimenezi si zazing'ono kwa munthu amene mphuno zatsekeka. Koma mu Januwale 2021, Covid itavuta, mandimu ndi jinja zinakwera mtengo m'misika chifukwa anthu anazitenga ngati katemera, ndipo maganizo amenewo sanatheretu. Kapu ya tiyi tiipatse ntchito imene ingathe.

Choyamba: tsimikizani kuti ndi chimfinedi

Musanakoleze moto, dzifunseni mmene matendawa ayambira. Chimfine chimabwera pang'onopang'ono. Kumayamba ndi kukanda kukhosi, kenaka kuyetsemula, mamina amadzimadzi, mphuno kutsekeka, mutu kulemera. Thupi likatentha limatentha pang'ono, ndipo munthu amatha kudya ndi kuyendayenda.

Malungo ndiye amanamiza anthu. Nawo amayamba ndi mutu, kuphwanya m'thupi ndi kuzizidwa, ndipo m'nyengo yozizira n'kosavuta kunena kuti "ndi kachimfine chabe." Ngati thupi latentha kwambiri, mukunjenjemera, mukusanza kapena m'kamwa mukuwawa, pitani mukayezetse magazi tsiku lomwelo kapena mawa lake m'mawa. Kuyeza kwake ndi kobaya pachala, zotsatira zimatuluka mphindi 20 zisanapitirire, ndipo m'zipatala za boma salipiritsa. Akakupezani ndi malungo, imwani LA mpaka kumaliza masiku onse 3. Tiyi mungamwe pambali, koma sangalowe m'malo mwa LA. Munthu atha kukhala ndi chimfine ndi malungo nthawi imodzi, choncho mamina si umboni woti malungo palibe.

Chachiwiri: sonkhanitsani zofunika

Pa tiyi wa munthu mmodzi wa tsiku lonse mufunika madzi okwana lita imodzi, omwe ndi makapu 4, jinja wamuwisi wamkulu ngati chala chanu chachikulu, mandimu awiri, ndi uchi. Ngati kuseri kwa nyumba kuli chitsamba cha lemon grass, dulani masamba atatu kapena anayi. Mufunikanso poto wa chivundikiro, sefa, ndi fulasiki ngati ilipo.

Jinja sankhani wolimba, wa khungu losalala, amene mukathyola kachidutswa fungo limakufikani m'mphuno nthawi yomweyo. Wofota ndi wopepuka uja wakhalitsa pa benchi. Wofewa kapena wochita nkhungu musiyeni ndithu, musati mudule powola n'kuphika potsalapo. Mumsika waukulu wa pa boma jinja sasowa, koma pa Santhe, Chamama kapena Chatoloma nthawi zina mpaka tsiku la msika. Zikatero wa ufa wa m'golosale amagwira ntchito, theka la supuni yaing'ono pa kapu imodzi. Amawawa kuposa wamuwisi ndipo fungo lake ndi lochepa.

Mandimu a makungu okhakhala amene ali m'makomo ambiri ndi abwinobwino, musavutike kufuna osalala. Tengani olemera m'dzanja, ndiwo ali ndi madzi. Musanadule, likunkhunizeni ndimu pa tebulo mukulipsinja ndi chikhatho, limatulutsa madzi ambiri.

Pa uchi pamafunika maso. M'mabotolo ena ogulitsa m'mbali mwa msewu muli shuga wosungunula wosakaniza ndi uchi pang'ono, ndipo njira zoyesera zimene anthu amauzana, monga kudonthezera m'madzi kapena kuyatsa ndi machesi, sizodalirika. Njira imene ine ndimaikhulupirira ndi kugula kwa mlimi wa njuchi amene mukumudziwa, kapena wa m'botolo lomata bwino la m'sitolo. Uchi ukalimba n'kuchita timibulu m'nyengo yozizira musautaye, uchi weniweni umatero. Ikani botolo m'madzi ofunda, usungunuka. Ngati uchi palibe, thirani shuga pang'ono. Sizifanana kwenikweni, chifukwa pa zonse zimene zili mu tiyiyu uchi ndi umene madokotala amauvomereza kwambiri kuti umachepetsa kutsokomola usiku, koma tiyi wofunda wa shuga aposa kukhala osamwa kanthu.

Adyo ena amamukonda. Kambewu kamodzi kophwanya sikalakwika ngati m'mimba mwanu mumalola. Masamba a tiyi wamba, Chombe kapena wina aliyense, mu tiyi uyu musathiremo, makamaka wamadzulo, chifukwa amathawitsa tulo pamene tulo ndi limene mukulifuna.

Zinazi zisiyeni. Masamba a nimu, makungwa ndi mizu imene simukuidziwa bwino, ndi zosakaniza za m'mabotolo zopanda chizindikiro zimene amati zimachiza matenda 20 nthawi imodzi. Kuwawa kwa mankhwala si umboni wa mphamvu yake, ndipo chiwindi ndi impso ndi zimene zimalipira munthu akamwa zinthu zosadziwika muyezo. Chimfine n'chakutha chokha, sichoyenera kuikirapo impso.

Chachitatu: phikani jinja

Sambani m'manja ndi sopo, makamaka ngati wodwala ndinu amene mukuphikira ena. Tsukani jinja kuchotsa dothi lonse la m'makwinya. Kusenda si kofunika akakhala wosalala, koma mukafuna palani khungu ndi supuni, mpeni umataya jinja wambiri.

Kenaka muphwanyeni. Apa ndi pamene tiyi wa anthu ambiri amafookera: amaponya chibuluma cha jinja m'madzi n'kumadabwa kuti sakumveka. Dulani timagawo topyapyala, kapena musinjeni mu kamtondo, kapena mumuphwanye ndi kumbuyo kwa chipande mpaka aonetse ulusi wake. Lemon grass mutsuke, mumupinde n'kumanga mfundo, ndipo tsinde lake loyera mulimenye pang'ono kuti fungo lituluke.

Thirani madzi mu poto, ikani jinja ndi lemon grass madzi akadali ozizira, vundikirani, ikani pamoto. Akabwata chepetsani moto. Pa mbaula phulani makala ena, pa mafuwa sololani nkhuni imodzi. Asiyeni awire pang'onopang'ono mphindi 10, kapena 15 ngati mumakonda woluma kukhosi. Chivundikiro chisachoke, chifukwa fungo limene limatsegula mphuno limathawa ndi nthunzi. Madzi akasanduka achikasu chotuwirako ndipo kukhitchini konse kukununkhira jinja, wapsa.

Madzi a pa mjigo kapena pachitsime akabwata chonchi aphera limodzi tizilombo, simufunikanso kuthira mankhwala a m'madzi. Ngati mwasankha kuika adyo, muponyeni poto atatsala pang'ono kuphulidwa.

Phulani, sefani, thirani mu fulasiki. Zotsalira mu sefa zingaphikidwenso kamodzi tsiku lomwelo, koma tiyi wake amakhala wofooka.

Chachinayi: mandimu ndi uchi zilowe pomaliza, m'kapu

Musaphikire mandimu mu poto. Vitamini C amaonongeka ndi moto, ndipo makungu a mandimu akawira nthawi yaitali amawawitsa tiyi yense. Musathirenso mandimu ndi uchi mu fulasiki. Mu fulasiki mukhale madzi a jinja okha, zinazo muzithira nthawi iliyonse imene mukumwa.

Thirani tiyi m'kapu n'kudikira mphindi 5 kapena kuposerapo, mpaka muthe kugwira kapu ndi manja onse osapsa. Finyiranimo theka la ndimu, kapena theka la theka ngati ndimu ndi lalikulu, mbewu zitsale mu sefa. Thirani supuni yaing'ono imodzi kapena ziwiri za uchi, takasani, lawani. Tiyi wabwino amamveka zonse zitatu, kuluma kwa jinja, kuwawasa ndi kutsekemera, popanda china kupondereza chinzake. Akakupangitsani tsinya mwachulutsa mandimu, onjezani madzi ofunda.

Pali chikhulupiriro choti tiyi wa chimfine azikhala wotentha moti misozi ituluke, ndi wowawasa moti mano achite dzanzi. Kukhosi kwatupa kale, ndiye kuthirapo madzi owira kuli ngati kutsira tsabola pachilonda. Wofunda bwino ndi amene amathandiza.

Chachisanu: kamwedwe

Imwani pang'onopang'ono, kapu ili pafupi ndi mphuno kuti nthunzi izilowa. Makapu atatu kapena anayi pa tsiku akwana: m'mawa mutadya kaphala, masana, chakumadzulo, ndi yomaliza patatsala ola limodzi kuti mugone. Yomalizayi ndi yofunika kuposa zonse chifukwa chifuwa cha chimfine chimavuta munthu akagona pansi. Muthiremo uchi wokwanira, kapena mukatha kumwa nyambitani supuni yaing'ono ya uchi wokhawokha, ndipo pogona mutu ukhale pokwera.

Musamwe m'mimba muli mopanda kanthu ngati mumavutika ndi zilonda za m'mimba kapena kutentha pamtima. Jinja ndi mandimu zonse zimatha kuutsa vutolo. Chepetsani jinja ndi theka, mandimu angodontha pang'ono, kapena imwani madzi ofunda a uchi basi.

Mukatha kumwa chukuchani m'kamwa ndi madzi wamba. Asidi wa mandimu amadya mano pang'onopang'ono, ndipo munthu womwa kanayi pa tsiku sabata yathunthu amayamba kumva mano kunyerenyetsa.

Tiyi asalowe m'malo mwa madzi akumwa ndi chakudya. Pakati pa makapuwo imwani madzi, thobwa, msuzi wa nkhuku kapena wa nyemba. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri ndiye kuti simukumwa mokwanira. Malalanje ndi manachesi amapezeka nyengo yomweyi, idyani. Tiyi wotsala usiku tayani, mawa muphike wina. Kapu ndi supuni ya wodwala zikhale zakezake ndipo zitsukidwe ndi sopo, chifukwa chimfine chimayenda kudzera m'manja, m'ziwiya ndi poyetsemula kapena kutsokomola, osati mumphepo yozizira monga tinkauzidwira tili ana.

Abambo ena amadonthezamo kachasu kapena mowa wina waukali, ati kuti thukuta lituluke. Mowa umaumitsa thupi, umasokoneza tulo, ndipo ukakumana ndi Panado umalemetsa chiwindi. Fodya nayenso apume masiku amenewa.

Za mapiritsi ndinene mwachidule. Mutu ukamapweteka kapena thupi likatentha pang'ono, munthu wamkulu angamwe Panado, mapiritsi awiri a 500 mg, n'kudikira maola 6 asanamwenso, osapitirira mapiritsi 8 pa maola 24. Werengani pa paketi ya mankhwala a chimfine amene mwagula, ambiri ali kale ndi paracetamol mkati, yemwe ndi mankhwala omwewo a mu Panado, ndiye mukaphatikiza ndi Panado mwamwa kawiri. Ena amagonetsa, zimene a kabaza wa njinga yamoto ndi madalaivala ayenera kudziwa asanalowe mu M1. Amoxicillin ndi Bactrim zogula pa okala sizigwira mavairasi ngakhale pang'ono. Mamina akasanduka achikasu kapena obiriwira pa tsiku lachitatu kapena lachinayi, ndi mmene chimfine chimayendera, si chizindikiro choti mukufunika makapisozi. Kumwa mankhwala amenewa mwachisawawa kumangozoloweretsa tizilombo, tsiku limene mudzadwale chibayo chenicheni adzakhala atafooka.

Ana, amayi oyembekezera ndi odwala matenda ena

Pano ndikupemphani muwerenge modekha, makamaka agogo ndi azakhali amene mumatsala ndi ana.

Mwana wosakwana miyezi 6 asamwe tiyi wa mtundu uliwonse, ngakhale madzi. Mankhwala ake ndi bere, pafupipafupi. Mphuno zikatsekeka moti akulephera kuyamwa, phitsani kapu ya madzi, sungunulanimo theka la theka la supuni yaing'ono ya mchere, aziziretu, ndipo mudonthezere dontho limodzi kapena awiri mphuno iliyonse asanayamwe. Mamina ouma amafewa n'kutuluka.

Mwana wosakwana chaka chimodzi asapatsidwe uchi, ngakhale wopaka pamilomo. Mu uchi mumatha kukhala tizilombo timene matumbo a munthu wamkulu amathana nato, koma mwa khanda timatulutsa poizoni wofooketsa thupi mpaka kulephera kupuma. Kuphitsa uchiwo sikutipha. Uchi ukhale wabwino chotani, wochokera mumng'oma wa pakhomo pomwepo, lamuloli silisintha.

Wopitirira chaka mungamupatse madzi ofunda a uchi ndi madontho a mandimu, kapena theka la supuni yaing'ono ya uchi pogona. Jinja kwa ana aang'ono amaluma, ndiye ngati mukupatsa wa zaka 3 kapena 4 tiyi wa akulu, theka la kapu likhale madzi ofunda. Asipirini musapatse mwana wosakwana zaka 16, ndipo Panado wa ana amayendera kulemera kwa mwanayo, funsani muyezo kuchipatala.

Amayi oyembekezera angamwe tiyi wa jinja wosakhathamira, kapu imodzi kapena ziwiri pa tsiku. Zitsamba zina zonse azisiye mpaka atafunsa kusikelo, ndipo thupi likangotentha apite kukayezetsa malungo osadikira tsiku lawo la sikelo.

Odwala shuga akumbukire kuti uchi ndi shuga ndithu. Supuni ziwiri kanayi pa tsiku zikweza shuga m'magazi, choncho amwe wopanda uchi kapena angothira pa kapu ya usiku yokha. Amene akumwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin asachulutse jinja ndi adyo. A BP amene amakonda tiyi wofiira wa chidede adziwe kuti amatsitsako BP, ndiye kuphatikiza makapu ambiri ndi mapiritsi kungawachititse chizungulire. Amene muli pa ma ARV kapena mankhwala a TB, tiyi wa jinja ndi mandimu pa muyezo uwu alibe vuto, koma musadumphitse mankhwala anu, ndipo zitsamba zina muyambe mwafunsa kumene mumalandirira mankhwala.

Zothandizira tiyi: mchere ndi nthunzi

Kukhosi kukamapweteka pomeza, sungunulani theka la supuni yaing'ono ya mchere m'kapu ya madzi ofunda. Pakamwa pakhale madzi pang'ono, yang'anani kumwamba, achukucheni kukhosi, lavulani. Katatu pa tsiku. N'zosakoma koma n'zotsika mtengo kuposa china chilichonse pano.

Kufukiza nthunzi ya masamba a bulugama ndi chizolowezi chathu chakale. Kumatsegula mphuno kwa kanthawi, sikufupikitsa chimfine, ndipo ngozi yake ndi yeniyeni. Ngati mukufuna kutero, mukhale munthu wamkulu wopanda mphumu. Phulani poto, thirani madziwo m'beseni loikidwa pansi posapendekeka, dikirani mphindi zingapo kuti ukali wa nthunzi uchepe, fundani chitenje kumutu nkhope ili patali ndithu ndi madzi, maso otseka, mphindi 5 mpaka 10. Madzi a bulugamawo si akumwa. Ana musawafunditse bulangete pamwamba pa madzi owira. Mwana amaphiriphitha, beseni limagubuduka, ndipo chilonda cha moto chimatenga miyezi pamene chimfine chikanatha sabata imodzi.

Mbaula isalowe kuchipinda chogona ngakhale kuzizire bwanji. Makala amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo, ndipo munthu wa chimfine amene watseka zenera ndi chitseko kuti asazizidwe ndi amene ali pangozi kwambiri. Fundani mabulangete awiri, valani masokosi.

Nthawi yosiya kapu n'kunyamuka

Chimfine chimafika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu, kenaka chimayamba kutsika. Munthu wamkulu apite kuchipatala ngati akupuma movutika kapena mobanika, m'chifuwa mukubaya akamapuma, thupi latentha masiku opitirira 3, makhololo ali ndi magazi, khutu likupweteka kwambiri, kapena anayamba kupeza bwino kenaka n'kudwalanso kuposa poyamba. Chifuwa chikakwana masabata 2, makamaka ngati mukutuluka thukuta usiku ndi kuonda, kaperekeni makhololo akayeze TB. Kuyeza ndi mankhwala ake n'zaulere m'zipatala za boma. Okalamba, a mphumu, a matenda a mtima ndi amene ali ndi HIV asadikire nthawi yonseyi.

Kwa ana, werengani mpweya. Mwana ali phee, osalira, mutsegule pachifuwa n'kuwerenga kangati akupuma pa mphindi imodzi yathunthu, foni ikuwerengerani nthawi. Wa miyezi 2 mpaka 11 akapuma ka 50 kapena kuposa, kapena wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akapuma ka 40 kapena kuposa, chingakhale chibayo ndipo aonedwe tsiku lomwelo. Alangizi a zaumoyo a m'ma village clinic amaona ana a miyezi 2 mpaka zaka 5, choncho ngati muli kutali ngati ku Chulu kapena ku Wimbe yambirani kwa iwo. Koma ngati pansi pa nthiti pakulowa mkati akamakoka mpweya, akukana kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, wakomoka kapena akulephera kudzuka, pezani njinga kapena galimoto nthawi yomweyo, usiku kapena masana, mupite ku chipatala chimene muli nacho pafupi, kaya ndi chachikulu cha pa boma, St Andrew's ku Mtunthama kapena cha mishoni ku Nkhamenya. Khanda losakwana miyezi 2 likatentha thupi kapena kupuma mofulumira, musayese chilichonse kunyumba.

Mukakayikira ngati n'zoyenera ulendo, imbani ku Chipatala Cha Pa Foni, kumene a zaumoyo amapereka uphungu pa foni, ndipo amayankha m'Chichewa. Ponyamuka tengani buku la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene wodwalayo wamwa, ndipo adokotala akafunsa muwauzenso zitsamba zimene munaphika ndi kuchuluka kwake.